Kalata Yondiitana ku Komiti Yosungitsa Mwambo: Zomwe Zinandichitikira Ndili ku Yunivesite

Ndinali m'chaka chachitatu cha maphunziro anga a digiri pamene ndinalandira kalata yochokera ku ofesi ya mlembi wamkulu wa yunivesite yathu. Inali ya tsamba limodzi lokha, ndipo inkanena kuti asainimenti imene ndinapereka m'phunziro lina ikufanana kwambiri ndi ya wophunzira mnzanga, kuti mphunzitsi wa phunzirolo watula nkhaniyi kwa mkulu wa dipatimenti, ndiponso kuti ndikuyenera kukaonekera pamaso pa komiti yosungitsa mwambo pa maphunziro pa tsiku limene linalembedwa m'munsi mwake. Ndinaiwerenga kangapo ndili chiimire, kenaka ndinaipinda n'kuiponya m'chikwama, ndipo kwa masiku atatu sindinauze munthu aliyense. M'masiku atatu amenewo ndinatsala pang'ono kudziwonongera tsogolo, chifukwa maganizo anga onse anali pa kupeza bodza loti ndibisire zimene zinachitika, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba nkhaniyi, kuti wina amene wagwira kalata yotere m'manja lero adziwe zimene zikumudikira m'chipinda chimene akuitanidwiracho.

Nkhani yake inayamba chonchi. Mnzanga wina wa m'kalasi mwathu, amene tinkawerengera limodzi kuyambira chaka choyamba, anakhala milungu iwiri akudwazika mayi ake kuchipatala, ndipo pobwerera anapeza kuti kwangotsala masiku anayi kuti asainimenti iperekedwe. Ine ndinali nditatsala pang'ono kumaliza yanga. Anandipeza mu laibulale n'kunena kuti, "Achimwene, mundionetseko mmene mwayalira mfundo zanu, mutu wanga waima." Sindinazengereze. Tinakula tikumva kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo usiku womwewo ndinamutumizira fayilo yonse pa imelo, n'kulembapo mawu akuti angoona kayalidwe kake kokha, zina zonse alembe zakezake. Iye, poona kuti nthawi yamuthera, anatenga ndime zambiri n'kungosinthamo mawu apa ndi apo, ndipo anapereka ntchito yake kutatsala tsiku limodzi kuti ine ndipereke yanga, popeza ine ndinali ndikukonzabe mndandanda wa mabuku amene ndinagwiritsa ntchito.

Tsiku limodzi limenelo ndi limene linandiika pamoto. Mayunivesite ambiri masiku ano amadutsitsa ntchito ya ophunzira mu pulogalamu ya pa kompyuta yofananitsa zolemba, ndipo yodziwika kwambiri pa mapulogalamu oterewa ndi Turnitin. Pulogalamu yamtunduwu imatenga zimene mwalemba n'kuziyerekeza ndi mabuku, zolemba za akatswiri ofufuza, masamba a pa intaneti komanso ntchito za ophunzira ena zimene inasunga kale, kenaka imatulutsa lipoti lopaka mitundu pa mawu onse amene yawapeza kwina, n'kuonetsa kuti ndi gawo lalikulu bwanji la ntchito yanu limene likufanana ndi za ena. Popeza ntchito ya mnzangayo ndi imene inasungidwa koyamba, lipoti la ntchito yanga linatuluka litapakidwa mitundu masamba angapo, ngati kuti wokopera ndinali ine. Pulogalamuyo siidziwa kuti wakopera mnzake ndani, ndipo siigamula mlandu. Imangoloza pamene mawu afanana, ndipo mawu amatha kufanana ngakhale munthu asanalakwe, monga pamene wagwira mawu a wolemba wina mwadongosolo n'kumutchula dzina. Kumasulira tanthauzo la kufananako ndi ntchito ya anthu, ndipo apa ndi pamene komiti imalowera.

Mnzangayo naye anali atalandira kalata yake, ndipo tsiku lachiwiri anabwera kwa ine ali ndi mantha aakulu. Anandipempha kuti tonse tikanene chimodzi, kuti tinkakambirana m'gulu ndipo tinagwiritsa ntchito manotsi amodzimodzi, kotero kuti kufananako kunangochitika kokha. Ine ndinali ndi bodza langalanga limene sindinamuuze, loti ndikanene kuti anatenga fayiloyo pa laputopu yanga ine osadziwa. Ndikakumbukira zimenezi ndimachita manyazi mpaka lero, chifukwa bodza langalo likanamusandutsa wakuba munthu amene anangopempha thandizo ine n'kumupatsa ndi manja anga.

Tsiku lachinayi ndinapita ku ofesi ya bungwe la ophunzira, kumene kunali mayi wina wolangiza ophunzira amene ali pa milandu. Atawerenga kalatayo anandifunsa ngati ndinawerengapo buku la malamulo a maphunziro limene tinapatsidwa chaka choyamba, ndipo ndinavomera kuti ndinangosainira kuti ndalilandira koma sindinalitsegulepo. Tinalitsegula limodzi. M'menemo munali mitundu yonse ya chinyengo: kukopera mawu kapena maganizo a munthu wina osamutchula, kulowa m'chipinda cha mayeso ndi likasa kapena foni, kulemberana mayeso, kulipira munthu kuti akulembere ntchito, kupeka zotsatira za kafukufuku amene sunachite, ngakhale kupereka ntchito yako yomwe kawiri m'maphunziro awiri osiyana popanda chilolezo. Mayiwo anaika chala pa ndime imene ine sindinkaiyembekezera, yonena kuti ophunzira awiri akathandizana pa ntchito imene aliyense amayenera kulemba payekha, onse awiri ali ndi mlandu, wolandira ndi wopereka yemwe, ngakhale woperekayo asanapindulepo kanthu. Mpaka nthawi imeneyo ndinkadziona ngati munthu wosalakwa amene wangogwa m'tsoka. Nditawerenga ndimeyo ndinazindikira kuti lamulo linali litandilemba kale dzina.

Anandifotokozeranso mmene nkhani zotere zimayendera. Kwathu, monganso m'mayunivesite ambiri, cholakwa chaching'ono cha wophunzira wa chaka choyamba amene sanadziwe bwino katchulidwe ka mabuku chimathera kwa mphunzitsi ndi mkulu wa dipatimenti, kawirikawiri ndi chenjezo komanso kuphunzitsidwa kalembedwe koyenera. Nkhani yaikulupo imapita ku komiti ya nthambi yonse ya maphunziro, ndipo ngati chilango chake chingafike poimitsa kapena kuchotsa munthu sukulu, imakwera mpaka ku komiti ya yunivesite yonse, imene imagwira ntchito pansi pa seneti, bwalo lalikulu loyang'anira nkhani za maphunziro pa yunivesite. Pa sitepe iliyonse woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wouzidwa mlandu wake molembedwa, woona umboni wonse tsiku lozenga lisanafike, wopatsidwa nthawi yokonzekera, wobwera ndi munthu womuperekeza, woitana mboni, komanso wokana membala wa komiti amene ali ndi chifukwa chokondera. Ufulu umenewu sunayambe dzulo. Mu 1723 khoti lina la ku England linagamula kuti yunivesite ya Cambridge inalakwa polanda madigiri a katswiri wina wotchuka, Richard Bentley, isanamupatse mpata wodziteteza, ndipo mmodzi wa oweruza anakumbutsa kuti ngakhale Mulungu anayamba wamufunsa Adamu asanamugamule. Mfundo ziwiri, yoti munthu asaweruzidwe asanamvedwe ndi yoti munthu asakhale woweruza pa mlandu wake womwe, ndi zimene makomiti amenewa amayenera kuimapo, ndipo komiti ikaziphwanya chigamulo chake chimatha kugwetsedwa pa apilo.

Kenaka mayiwo anandifunsa funso limene linandikhalitsa chete kwa nthawi yaitali: "Kodi muli ndi chiyani chosonyeza kuti ntchitoyi munalemba ndinu?" Ndinali ndi zambiri. Ndinali ndi manotsi olemba pamanja, mafayilo akale osonyeza mmene ntchitoyo inkakulira sabata ndi sabata, kaundula wa mabuku amene ndinabwereka ku laibulale, ndipo koposa zonse ndinali ndi imelo ija, yokhala ndi tsiku ndi ola, yosonyeza kuti fayilo inachoka kwa ine kupita kwa mnzangayo masiku atatu iye asanapereke yake. Imelo imeneyo inali umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse wakuti sindinakopere. Komanso imelo yomweyo inali umboni wosatsutsika wakuti ndinapereka ntchito yanga kwa wina mwadala. Sindikanatha kuionetsa theka n'kubisa theka linalo. Mayiwo sanandikakamize, anangonena kuti komiti imaona nkhani zotere chaka ndi chaka, kuti nkhani yopangana imaphwasuka anthu akafunsidwa aliyense payekha, ndiponso kuti kunamiza komiti ndi mlandu wina pawokha, umene nthawi zambiri umalemera kuposa woyambawo. Madzulo a tsiku limenelo ndinapita kukamuuza mnzanga uja kuti ndikanena zoona ndipo ndikapereka imeloyo. Ndinaona kuti n'koyenera kuti amve kwa ine ndisanalowe m'chipindamo, kuti naye akonze zonena zake akudziwa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye mwandigulitsatu, achimwene," ndipo anachoka osatsanzika.

Ndinalemba chikalata cha masamba awiri chofotokoza zonse mwatsatanetsatane, kuyambira tsiku limene ndinayamba kulemba asainimenti mpaka usiku umene ndinatumiza fayilo, n'kumatikako umboni wonse, ndipo ndinachipereka kwa mlembi wa komiti nthawi imene anaika isanakwane.

Tsiku lozenga mlandu ndinalowa m'chipinda chochitira misonkhano pamodzi ndi mayi olangiza aja, amene malamulo ankawalola kukhala pambali panga ndi kundinong'oneza, koma osandiyankhira mafunso. Pa tebulo panali anthu asanu oweruza, aphunzitsi atatu ochokera m'madipatimenti ena ndi ophunzira awiri, kuwonjezerapo mlembi amene ankalemba zokambirana koma analibe voti. Mphunzitsi amene anatula nkhaniyi sanakhale nawo pa tebulo la oweruza, anakhala pambali ngati wobweretsa dandaulo, ndipo ichi chinandikhazika mtima pansi pang'ono. Wapampando, mayi wachikulire amene anali pulofesa, anatchula mayina a mamembala onse n'kundifunsa kuti, "Kodi mwalandira umboni wonse m'nthawi yake? Nanga pali wina mwa ife amene mukuona kuti sakuyenera kumva nkhani yanu?" Nditayankha, anawerenga mlandu, ndipo mphunzitsi uja anafotokoza zimene anapeza, akuonetsa ndime zofanana za ntchito ziwirizo zitaikidwa moyandikana. Anaonetsanso chinthu chimene pulogalamu ya kompyuta sinachione kuti n'chofunika, koma chimene mphunzitsi aliyense wozolowera ntchito amachifunafuna: m'ntchito zonse ziwiri munali buku lina lolembedwa ndi chaka cholakwika, ndipo kulakwitsako kunali kofanana ndendende. Anthu awiri akhoza kufika pa yankho lolondola lofanana aliyense payekha, koma n'kovuta kwambiri kuti alakwitse mofanana pa malo amodzi. Bodza lija la manotsi a m'gulu likanathera pomwepo.

Itafika nthawi yanga ndinaimirira, ngakhale anandiuza kuti ndikhoza kuyankhula ndili chikhalire, ndipo ndinati, "Mayi wapampando, ntchitoyi ndinalemba ndine kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma ndinaipereka kwa mnzanga ndi dzanja langa, ndipo ndikuvomera kuti pamenepo ndinaphwanya lamulo." Mmodzi wa aphunzitsi anatseka mapepala onse n'kundifunsa chifukwa chimene ndinasankhira mfundo inayake m'gawo lachitatu, ndiponso chifukwa chimene ndinasiyira mfundo yotsutsana nayo imene inali m'fayilo yanga yakale. Ndinayankha mosavutika, chifukwa ndinali nditalimbana ndi ndime imeneyo kwa masiku awiri. Pa chaka cholakwika chija, ndinawaonetsa tsamba la manotsi anga pamene ndinalemba nambala molakwika pokopera kuchoka pa chikuto cha buku. Cholakwa chaching'ono chimenecho, chimene chinali chitatsala pang'ono kutimiza tonse, ndi chimene chinatsimikizira komiti kuti gwero la ntchitoyo ndinali ine.

Ndinkaganiza kuti ophunzira awiri aja adzakhala kumbali yanga chifukwa choti ndi anzanga, koma funso limene linandilasa mtima kwambiri linachokera kwa mmodzi wa iwo, mtsikana wa chaka chachinayi. Anandifunsa kuti, "Achimwene, popeza munkadziwa kuti mnzanuyo amadwazika mayi ake, kodi munamuuza kuti akhoza kupempha nthawi yowonjezera?" Sindinayankhe msanga, chifukwa sindinkadziwa n'komwe kuti njira imeneyo ilipo. Iye anafotokoza kuti m'buku lomwe lija la malamulo muli ndime yolola wophunzira amene wakumana ndi matenda, maliro kapena vuto lina lalikulu kulemba fomu, n'kumatikako kalata yakuchipatala kapena umboni wina, kuti tsiku lopereka ntchito limusunthire kutsogolo popanda kuchotseredwa malikisi. Pamenepo ndinaona bwinobwino kukula kwa zimene ndinachita. Mnzanga anali ndi chifukwa chomveka chimene dipatimenti ikanachilandira mosavuta, ndipo thandizo limene ankafunikira kwa ine linali loti ndimuperekeze ku ofesi kukatenga fomu imeneyo. Ine ndinamupatsa chinthu chimene chinamuika m'mayesero pa nthawi imene anali wotopa ndi wosweka mtima. Pa zonse zimene ndalemba pano, ichi ndi chimene ndikufunitsitsa kuti wophunzira aliyense achidziwe asanakumane ndi vuto, chifukwa pambuyo pake ndinaona anthu ambiri akugwa m'dzenje lomweli, fomu yowapulumutsa ili pafupi nawo.

Wophunzira wachiwiri anatembenukira kwa mphunzitsi n'kufunsa ngati pepala la malangizo a asainimentiyo linanena momveka kuti kuonetsana ntchito n'koletsedwa, popeza m'phunziro lomwelo tinkalimbikitsidwa kukambirana m'magulu sabata iliyonse. Mphunzitsiyo anavomera mwaulemu kuti pepalalo linangonena kuti ntchitoyo ndi ya munthu payekha, osafotokoza pamene kukambirana kololedwa kumathera. Funso limeneli ndi la munthu amene akukhalabe m'kalasi ndipo akudziwa mmene malire amenewa amasokonezera ophunzira. Silinandichotsere mlandu, koma linalembedwa m'zokambirana, ndipo semesita yotsatira mapepala a malangizo a dipatimenti yathu anayamba kunena mosabisa zimene zili zololedwa ndi zoletsedwa.

Atamaliza mafunso, ine, mayi olangiza aja ndi mphunzitsi tinatuluka, komiti n'kutsala yokha. Chigamulo chinabwera pa kalata patapita masiku angapo. Anandipeza wosalakwa pa mlandu wokopera, koma wolakwa pa mlandu wothandiza wina kuchita chinyengo. Malikisi a asainimentiyo anafufutidwa, ndinapatsidwa mutu wina woti ndilembe mwatsopano, ndipo ngakhale ndikanalemba bwino chotani, malikisi ake sakanapitirira mlingo wongokhozera basi. Ndinalandiranso chenjezo lolembedwa limene linaikidwa m'fayilo yanga. Kalatayo inafotokoza zifukwa zake, kuti aganizira zoti aka kanali koyamba, kuti ndinavomera ndisanapanikizidwe, ndiponso kuti sindinapindule kanthu. Inanenanso za ufulu wanga wochita apilo. Ambiri amaganiza kuti apilo ndi mwayi wofotokozanso nkhani yomweyo kwa anthu ena, koma m'mayunivesite ambiri imalandiridwa pokhapokha ngati ndondomeko inaphwanyidwa, ngati patuluka umboni watsopano umene sukanapezeka poyamba, ngati panali kukondera, kapena ngati chilango chakula mopitirira cholakwa. Kumayiko ena kulinso bungwe lakunja kwa yunivesite lomva madandaulo a ophunzira njira zonse zamkati zikatha, monga Office of the Independent Adjudicator ya ku England ndi Wales. Ine ndinalibe chifukwa chilichonse mwa zimenezi, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti chilangocho chinali cholingana ndi zimene ndinachita, choncho sindinachite apilo.

Za mnzanga ndinazimva kwa iye mwini patapita miyezi, popeza komiti siiuza wophunzira mmodzi chigamulo cha mnzake. Anayamba ndi kukana, ndipo anavomera ataonetsedwa imelo ndi chaka cholakwika chija. Analephereratu phunziro lonselo n'kulibwereza chaka chotsatira. Kalata yakuchipatala ya mayi ake, imene anaipereka mochedwa pa tsiku lozenga, ndi imene inamupulumutsa kuti asaimitsidwe sukulu. Apa pali chinthu chofunika kuchimvetsa: mavuto a munthu sasintha yankho la funso loti kodi analakwa kapena ayi, koma amachepetsa chilango, ndipo amamveka bwino akanenedwa ndi munthu amene wavomera kale cholakwa chake.

Chaka chotsatira bungwe la ophunzira linkafuna anthu oti akhale m'makomiti amenewa, ndipo mayi olangiza aja anandilimbikitsa kulembetsa. Ndinaulula za mlandu wanga pofunsidwa mafunso, ndipo malamulo athu sankaletsa munthu amene anangolandira chenjezo. Tisanayambe ntchito tinaphunzitsidwa kwa masiku awiri, tinasainira kusunga chinsinsi, ndipo tinauzidwa kuti tizidzipatula pa mlandu uliwonse wokhudza mnzathu, wachibale kapena wa m'kalasi mwathu. Tinaphunziranso mulingo wa umboni. Khoti lozenga milandu yaupandu limafuna kuti pasatsale chikayikiro chomveka, koma makomiti ambiri a m'mayunivesite amangofunsa ngati, umboni wonse utayezedwa, n'zotheka kwambiri kuti cholakwacho chinachitika kusiyana ndi kuti sichinachitike. Mulingo umenewu ndi wotsikirapo, ndipo n'chifukwa chake wophunzira amene amangoti "onetsani umboni" n'kukhala chete kawirikawiri zimamuvuta, pamene amene wabwera ndi manotsi ndi mafayilo ake akale amakhala ndi choika pa sikelo.

Ndili m'komitimo ndinayamba kuwerenga za mmene mayunivesite ena amachitira, ndipo ndinaona kuti malo a ophunzira pa nkhaniyi amasiyana kwambiri. Ku University of Virginia ku America, dongosolo losungitsa chilungamo pa maphunziro linayamba mu 1842, ndipo limayendetsedwa ndi ophunzira eniake. Kwa zaka zambiri chilango chinali chimodzi chokha, kuchotsedwa sukulu, mpaka mu 2022 pamene ophunzirawo anavota kuti lamuloli lisinthe. Ku yunivesite ya Harvard, ku America komweko, mu 2012 ophunzira pafupifupi 125 anafufuzidwa chifukwa cha mayankho ofanana pa mayeso olembera kunyumba m'phunziro limodzi, ndipo oposa theka la iwo anaimitsidwa sukulu kwa kanthawi. Ena mwa iwo ankanena kuti malire a kukambirana kololedwa sanali omveka, nkhani yofanana ndi imene inafunsidwa m'chipinda chathu chija. Mu 2015 Harvard inakhazikitsa bwalo latsopano loona milandu yotere, lokhala ndi ophunzira pamodzi ndi aphunzitsi. Ine maganizo anga ndi akuti komiti yosakaniza ndiyo yabwino. Aphunzitsi amadziwa phunziro ndipo amakumbukira mmene milandu yofanana inagamulidwira zaka zammbuyo, zimene zimateteza kuti anthu awiri olakwa mofanana asalangidwe mosiyana. Ophunzira amadziwa moyo wa m'kalasi ndi wa m'mahositelo, ndipo sanyengeka msanga ndi nkhani zopeka chifukwa anazimvapo kwa anzawo. Ndinaonanso kuti ophunzira nthawi zina amaumitsa mtima kuposa aphunzitsi, chifukwa amaona kuti wobera wawabera iwo amene anagona mochedwa akuwerenga, ndipo pamenepo pamafunika wapampando wodekha wobweza aliyense ku malamulo olembedwa.

Nthawi yanga m'komiti inakumana ndi kutuluka kwa ChatGPT, pulogalamu ya pa kompyuta yotha kulemba nkhani ngati munthu, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito ndi anthu mu Novembala 2022, ndipo posakhalitsa tinayamba kulandira milandu ya mtundu watsopano, yoti wophunzira akuganiziridwa kuti ntchito yake inalembedwa ndi makina. Milandu imeneyi inali yovuta kuposa yokopera, chifukwa panalibe buku kapena ntchito ya munthu wina yoti tiike pambali n'kuyerekeza. Mapulogalamu amene amati amazindikira zolembedwa ndi makina amalakwitsa, ndipo kampani ya OpenAI yomwe, imene inapanga ChatGPT, inachotsa pulogalamu yake yamtunduwu mu Julayi 2023 chifukwa sinkalondola mokwanira. Komiti yathu inagwirizana kuti nambala yochokera ku pulogalamu yotere siingakhale umboni wokwanira payokha. Tinkayang'ana zina, monga mabuku otchulidwa amene kulibe kwina kulikonse, ndipo tinkamupempha wophunzira kuti afotokoze ntchito yake pakamwa, monga mmene anandichitira ine. Ndikukumbukira mtsikana wina amene analowa akunjenjemera, koma atafunsidwa za njira imene anasonkhanitsira mfundo zake anayankhula kwa mphindi zambiri osayang'ana papepala, n'kutionetsa mbiri ya fayilo yake yosonyeza kuti ankalemba pang'onopang'ono kwa milungu itatu. Tinamupeza wosalakwa tonse asanu, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera kuchipinda changa ndili wokondwa kwambiri kuti ndinali nawo pa tebulo lija.

Panalinso zimene zinkandipweteka. Milandu ina inkachedwa miyezi chifukwa chosowa tsiku loti mamembala onse akumane, ndipo nthawi yonseyo zotsatira za mayeso a wophunzira zimakhala zitagwidwa, iye osadziwa ngati alembetse maphunziro a semesita yotsatira. Ena ankabwera okha, opanda wowaperekeza, asanawerenge n'komwe umboni umene anatumiziridwa, chifukwa manyazi anawaletsa kuuza munthu, monga mmene anandiletsera ine masiku atatu aja. Ena sankabwera n'komwe, poganiza kuti nkhaniyo iiwalika, koma mlandu suwola, ndipo malamulo amalola komiti kugamula woimbidwa mlandu palibe ngati anaitanidwa moyenera. Pa milandu yotereyi tinkangowerenga mbali imodzi ya nkhani, ndipo ndinkadzifunsa kuti mwina munthuyo akanabwera akanatiuza chinthu chimene chikanasintha chilango chake. Lipoti limene ife oimira ophunzira tinalemba pakutha pa chaka linapempha kuti kalata iliyonse yoitana munthu ku komiti izikhala ndi malangizo a kumene angapeze mlangizi, komanso kuti fomu yopemphera nthawi yowonjezera izitchulidwa pa pepala la asainimenti iliyonse.

Mnzanga uja anamaliza maphunziro chaka chimodzi pambuyo panga. Tinayambanso kuyankhulana mayi ake atachira, ndipo tsiku lina anandiuza kuti chimene chinamupweteka kwambiri m'chipinda chija chinali pamene wapampando anatenga kalata yakuchipatala ija, n'kuyang'ana tsiku lake, n'kumuuza kuti akanaibweretsa sabata imene anabwerera akanapatsidwa nthawi yonse imene ankafuna.

Patapita nthawi ndinalembera malo oti ndichite digiri yachiwiri ku yunivesite ina, ndipo pa fomu panali funso loti kodi ndinapezekapo wolakwa pa mlandu wa chinyengo pa maphunziro. Chenjezo lija silinkaoneka pa chikalata cha zotsatira zanga za mayeso, koma funsolo silinkafunsa za chikalata. Ndinachonga kuti inde, ndinamatikako kalata ya chigamulo ija pamodzi ndi ndime imodzi yofotokoza zimene zinachitika, ndipo pa tsiku la mafunso mmodzi wa aphunzitsi anandifunsa za nkhaniyi kwa mphindi zochepa, kenaka anatembenuza tsamba n'kuyamba kundifunsa za kafukufuku amene ndinkafuna kuchita.